Kiriketi ya Papepala ku Domwe

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, mudazimva kale mpaka kutopa nazo. Pano ndilemba za ntchito. Ndidasunga katundu wa anthu ena pafupifupi zaka makumi atatu, ndipo palibe thumba ngakhale limodzi lomwe lidasowa m'manja mwanga. Chomwe chidasowa ndi munthu, mnzanga mmodzi yekhayo amene ntchito idandipatsa, ndipo womusowetsa ndidali ine. Werengani mofatsa, musathamange monga mumachitira pa foni.

Ulongwe, chaka chotsatira mtendere

Ntchito yoyamba ndidaipeza ndili kale bambo wa ana awiri. Tidali titangobwerera kuchokera ku Dedza komwe tidathawira nkhondo, ndipo ku Ulongwe wa kuno ku Angonia kunkasowa chilichonse kupatula anthu ofuna ntchito. Kampani ina yogula nyemba ndi kachewere idatsegula alumazeni, nyumba yaikulu yosungiramo katundu, ndipo inkafuna munthu wodziwa kulemba. Tidapita gulu. Shefe wake, mkulu wina wa ku Beira wa mimba yake ndi mawu ake, adatipatsa kaneta imodzi kuti aliyense alembe dzina lake ndi la mudzi wake. Atafika pa pepala langa adaliyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati, "Banda ndani?" Ndidaimika dzanja. Basi, mayeso adathera pomwepo. Ansembe a ku mishoni adandimenya zala ndili mwana mpaka zilembo zanga zidaphunzira kuima mowongoka, ndipo tsiku limenelo ndidawakhululukira.

Mkulu ameneyu Chinyanja ankadziwa mawu awiri okha, "fulumira" ndi "mawa". Loyambalo lidali lathu antchito, lachiwirilo lidali la alimi. Zaka zimenezo matumba ankasowa, moti thumba limodzi tinkalisoka mpaka zigamba kuchuluka kuposa thumba lenilenilo. Sikelo idali imodzi, mwala wake woyezera udatayika, ndipo tinkagwiritsa chitsulo cha galimoto yomwe idapsa pa nkhondo. Mapepala akatha ndinkalemba kuseri kwa makatoni a sopo. Sindikudandaula ayi. Madzulo ndinkabwerera kunyumba n'kupeza amayi anu, ndipo munthu amene ali ndi womuuza zopusa za kuntchito sadziwa kuti ndi wolemera.

Domwe, chaka chomwe amayi anu adatisiya

Atatha maliro, kampani idanditumiza ku Domwe kukatsegula alumazeni ina. Inu mudatsala ndi azakhali anu ku Ulongwe chifukwa cha sukulu. Ndikuganiza kuti akuluakulu ankayesa akundithandiza pondichotsa m'nyumba yomwe chilichonse chinkandikumbutsa maliro, koma adanditaya kuthengo. Adandipatsa kachipinda kuseri kwa alumazeni, khomo lake loyang'ana phiri. M'mwezi wozizira mphepo inkalowa pansi pa chitseko ngati kwawo. Masana ndinkayankhula ndi alimi za kulemera kwa matumba, ndipo akachoka mawu anga ankathera pomwepo. Lamulungu lina ndidazindikira kuti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka mawu okhawo omwe ndidatulutsa adali opirikitsa nkhuku ya eni ake. Makolo adanena zoona kuti kali kokha n'kanyama.

Patapita miyezi ingapo kudabwera mlangizi wa alimi, a Soko. Adatsika pa shapa, minibasi ya kwathu kuno, ndi sutikesi imodzi ndi wailesi yokutidwa m'thaulo ngati khanda. Adali wamtali, wamkulu kwa ine zaka zingapo, ndipo Chinyanja chawo chidali cha agogo athu, chosakaniza ndi mawu a ku Zimbabwe. Adabadwira ku migodi ya kumeneko. Bambo awo adachoka ku Domwe wapansi ali mnyamata ndipo sadabwererenso. A Soko adapempha okha ntchito ya kuno poganiza kuti akapeza abale. Adapeza manda awiri ndi msuweni mmodzi amene funso lake loyamba lidali lakuti abweretsa chiyani. Akazi awo adali atamwalira, mwana wawo wamkazi adatsala ku migodi komweko. Anthu a pa msika ankawatcha Mzimbabwe.

Lamulungu loyamba ndidawaona akumangirira waya ku nthambi ya bulugamu, mbali ina ku wailesi. Adakhala pa thumba lopanda kanthu, khutu pa wailesi, n'kumamvera mzungu wina akuyankhula mwaulesi ngati akuwerengera wodwala nkhani. Mwadzidzidzi adalumpha n'kufuula.

"Kwagwanji, achimwene?" ndidafunsa.

"Timitengo tagwa, a Banda! Watuluka ameneyo!"

"Timitengo ta ndani?"

Umu ndi momwe kiriketi idandipezera, ine mwana wa dziko la mpira wa miyendo. Adandifotokozera kuti mbali iliyonse imakhala ndi anthu khumi ndi mmodzi. Wina amaponya kampira kolimba kulunjika pa timitengo titatu tozikidwa pansi, wina amaima patsogolo pa timitengoto ndi thabwa kuti akamenye kampirako. Akakamenya, mbali yake yapindula. Akakaphonya n'kugwetsa timitengo, watuluka, alowe wina. Atandiuza kuti masewera ena amatenga masiku asanu, osewera n'kumapuma kukamwa tiyi, pamapeto pake n'kupezeka kuti palibe wapambana, ndidati amenewo si masewera, ndi mlandu wa malire a munda. Adaseka mpaka kutsokomola. Tsiku lomwelo adazika timitengo ta nsungwi kuseri kwa alumazeni, adandipatsa thabwa la bokosi, n'kuyamba kundiponyera kachewere wowola. Wachitatu adandiphulikira pa malaya a ku tchalitchi. Wachisanu adawathyola phewa oponyawo, adakhala sabata akulephera kuvala jekete. Tidagwirizana kuti pa msinkhu wathu kiriketi ya thupi yatikana.

Domwe, zaka zisanu ndi chimodzi zotsatira

Mapilya, mabatire a wailesi, ankasowa, ndipo mvula ikayandikira mzungu uja ankamira m'phokoso. Zikatero a Soko ankazima wailesi n'kuyamba kuulutsa okha masewera akale a ku mgodi kwawo. Kumeneko kudali matimu awiri, a Pansi, omwe ankalowa m'mgodi, ndi a Pamwamba, omwe ankagwira ntchito m'maofesi ndi m'mashopu. Ambiri adali ana a anthu akwathu kuno ndi a ku Malawi. Anthu makumi awiri ndi awiri amenewo ndidawadziwa ngati ndidakula nawo: Gama woponya ndi dzanja lamanzere, Mbewe wamantha amene ankatseka maso mpira ukamabwera, Zimba woledzera, Nkhoma wokonda mikangano, ndi Phiri amene ankati akaima pa timitengo dzuwa limalowa iye ali pomwepo. Ambiri adali atamwalira kale, koma kuseri kwa alumazeni ya ku Domwe ankathamangabe.

Tsiku lina m'mawa, a Soko asadakwere mota yawo, njinga yamoto, kupita ku minda, adandisiyira kapepala pa sikelo. Padalembedwa kuti, "Tikolola chimanga mawa." Ndidadabwa, chifukwa udali mwezi woti chimanga chikadali chachiwisi, komanso kampani yathu sinkagula chimanga. Atabwera madzulo ndidawauza mwaulemu kuti mwina ku Zimbabwe amakolola chosakhwima, koma kuno ayi. Adatenga kaneta yanga, n'kulemba mzere pansi pa mapeto a "chimanga" ndi chiyambi cha "mawa".

"Werengani apa pokha."

"Ga, ma. Gama!"

"Mwatuluka, a Banda. Mpira wadutsa, inu mukuyang'ana kumunda."

Masewera athu adabadwa choncho. Malamulo tidawapanga pang'onopang'ono, ambiri mwa mkangano. Woponya ankalemba chiganizo cha Chinyanja chomveka bwino, m'kati mwake atabisamo dzina la wosewera. Dzinalo linkayenera kukhala pamalire a mawu awiri, theka uku theka uku. Kubisa Lungu m'mawu akuti Mulungu kudali kuba, ndiponso kuchimwa. Womenya ankapatsidwa mpaka nthawi yoweruka. Akalipeza dzinalo, wamenya mpira. Akalephera, timitengo tagwa. Ndipo wolandira mpira ndiye ankaponya wotsatira. Munthu kuponya kawiri motsatizana sikunkaloledwa, ngakhale mnzako achedwe sabata yathunthu. Iwo adatenga a Pansi, ine adandipatsa a Pamwamba, ati popeza ndine wa m'ofesi wosadziwa thukuta.

Mpira wanga woyamba udali wakuti, "Mwana wamwa lero." Adaupeza asadakhale n'komwe pansi, Mwale. Iwo adabwezera ndi "Madzi mbali ino achepa," ndipo ndidavutika mpaka masana kuti ndione Zimba ali pakati pa madzi, malo omwe mwini wakeyo sankawakonda. Ndidawagwetsa ndi "Ng'ombe weta, mbuzi gulitsa," momwe mudabisala Mbewe wamantha uja. Iwo adandigwetsa ndi "Tsankho masiku ano lachuluka," ndipo ndikukumbukira kuti tsiku limenelo wina pa msika adali atawauza kuti azipita kwawo. Nkhoma ndidamuphonya chifukwa ndidatanganidwa ndi kuwamvera chisoni. Phiri yekha ndiye adatikanika tonse awiri. Zaka zonsezo palibe adapeza mawu omubisamo. A Soko ankaloza kunja kwa khomo langa n'kunena kuti, "Mukuliona ilo? Phiri silibisika."

Mkangano waukulu udali wa kalembedwe. Ine ndidaphunzira kulemba m'Chipwitikizi, ndiye polemba mndandanda wa timu yanga, Nyirenda ndidamulemba Nhirenda monga timachitira kuno. A Soko adayang'ana n'kufunsa kuti, "Uyu ndi mlendo wochokera kuti? Kwathu sadasewereko." Ine ndidati zilembo zanga adandiphunzitsa ndi ansembe, iwo adati ansembewo sadamuonepo Nyirenda. Padalinso nkhondo ya l ndi r, zomwe ife Achewa timazisinthanitsa osamva kuti talakwira munthu. Tidakhala masiku atatu osaponyerana. Pomaliza tidapangana kuti woweruza ndi khutu: dzina likamveka powerenga mokweza, lalowa, zilembo zikhale momwe zingakhalire.

Musaganize kuti tinkauzana zakukhosi. Za amayi anu sindidawauze zambiri, iwonso za akazi awo sadandiuze. Koma ndinkadzuka m'mawa ndili ndi chifukwa chothamangira ku sikelo. Ndikamayeza matumba mutu unkakhala ukutembenuza mawu, ndipo alimi ankandiona ndikuyankhula ndekha n'kumanong'onezana kuti a Banda ayamba kudwala. M'Angonia monse, anthu odziwa kuti Gama ankaponya ndi dzanja lamanzere tidali awiri. Zidandikwanira.

Domwe, chaka cha chiwawu

Ndidayamba kukayika pomwe a Soko adanena kuti kalembedwe kanga kaipa. Kalembedwe kanga! Adati ndiziwawerengera mokweza chifukwa zilembo zanga zayamba kufanana ndi mapazi a nkhuku. Ndidakwiya masiku awiri, kenaka ndidayamba kuyang'anitsitsa. Zilembo zawo zidali zikukula mwezi ndi mwezi, mizere ikutsetsereka. Pothira tiyi ankaika chala m'kamwa mwa kapu. Adagwa pa mota kawiri pa msewu womwe ankaudziwa ngati chikhatho chawo. Tsiku lina ndidawafunsa.

"A Soko, maso anu ali bwanji?"

"Ali pankhope pomwe adali."

"Ndikufunsa zenizeni, achimwene."

Kenaka adati, "Pakati ndikuona. M'mbali ndiye mwayamba mdima, ndipo ukubwera chapakati. Yatsala nyengo imodzi kuti ndifike pa lifoluma, zaka zopumira ntchito, ndichoke ndi ulemu wanga. Mukanena, andichotsa. Ndipita kuti, a Banda? Kuno ndine Mzimbabwe, uko ndine mwana wa obwera."

Ndidalonjeza kukhala chete, ndipo ndikuuzani mosabisa kuti sindidachite zimenezo chifukwa cha iwo okha. Ndinkaopa kubwerera ku masiku opirikitsa nkhuku aja. Choncho ndidakhala maso awo. Malipoti ndinkawalembera, makalata ndinkawawerengera. Chovuta chidali mankhwala. Kampani inkapereka kwa alimi mankhwala a mitundu iwiri m'zigubu zofanana: ena opopera kachewere kuti asagwidwe chiwawu, matenda aja owaula masamba, ena opha udzu munda usadabzalidwe. Kusiyana kwake kudali pa timalemba tating'ono. Ndidapeza nzeru yomwe ndinkainyadira: pa chigubu chilichonse cha mankhwala opha udzu ndinkamangapo kachingwe ka khonje. A Soko akagwira chigubu n'kumva kachingwe, ankadziwa kuti ichi ayi. Miyezi isanu ndi itatu zidayenda bwino.

Kenaka dzino lidanditengera ku Ulongwe kukazula. Tsiku lomwelo kudabwera katundu watsopano, alonda adatsitsa n'kusanja bwinobwino, zigubu zopanda chingwe ngakhale chimodzi. Mvula idali itagwa sabata yonse, chiwawu chitayamba kuoneka, ndipo a Soko sadafune kudikira. Adapapasa chigubu, sadamve kachingwe, adachimangirira pa mota. Munda woyamba pa ulendo wawo udali wa aNangozo, mayi wamasiye wa m'tsinde mwa phiri amene ankalera zidzukulu zinayi. Kachewere wawo adali atayamba maluwa.

Patapita masiku atatu aNangozo adabwera ku alumazeni, ndipo tidapita nawo tonse awiri kukaona. Munda wonse udali utagona, masamba achikasu, mitengo yake yofota ngati yathiridwa madzi otentha. A Soko adagwada, n'kupapasa tsamba. Adadziwa. Koma adadzuka n'kunena kuti, "Chiwawu cha chaka chino n'choopsa, mayi. Takuchedwerani." ANangozo sadakweze mawu. Adaloza m'mphepete mwa munda, momwe udzu udali utauma mzere wonse, n'kufunsa kuti, "Chiwawu chake n'chodya ndi udzu womwe, alangizi?" Adatiyang'ana wina ndi wina, kenaka adawerama n'kuyamba kufukula ndi manja kuti aone ngati pansi pali kanthu. Adatulutsa timbatata tonga mazira a njiwa.

Pobwerera tidakankha mota wapansi, ndipo tili m'njira a Soko adati, "Musandiyang'ane choncho. Sindikukuonani bwino, koma ndikumva."

"Mwanamiza mayi wamasiye, achimwene."

"Mbewu ndimugulira ndekha. Palibe adziwe."

"Nanga chakudya cha ana aja chaka chino? Nanga sabata yamawa, pomwe muyendere minda ya mudzi wonse?"

"Mumangenso zingwe zanu."

"Zingwe zangazo ndi zomwe zapha mundawu."

"Nyengo imodzi yokha, a Banda. Ndapempha chiyani china kwa inu chiyambire?"

Adali asadapemphepo kanthu, n'zoona. Ndidakhala masiku awiri ndikulimbana nazo. Nkhaniyo ikadakhala ya chiwawu, kampani sikadawapatsa aNangozo chilichonse, chifukwa matenda ndi tsoka la mlimi. Ikadadziwika kuti ndi kulakwa kwa mlangizi, akadathandizidwa, koma a Soko akadachoka. Ndipo mdima uja sukadaima kudikira lifoluma: lero munda, mawa mwana wa eni pa msewu. Ndidayesa kudzinamiza m'njira zonse, koma timbatata tija tinkangondibwerera m'maso. Tsiku lachitatu m'mawa ndidapeza kapepala pa sikelo monga mwa masiku onse. Sindidakatsegule; ndidadzakayankha n'kuponya mpira wanga nditabwerako. Ndidakwera shapa ya ku Ulongwe.

Nthawi imeneyo shefe adali mayi wina wa ku Kelimane, injinyela wa zaulimi, wosakonda mawu ambiri. Adandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka adafunsa funso limodzi: "Inu mwadziwa liti?" Nditawauza za miyezi isanu ndi itatu ndi za zingwe, adavula magalasi n'kunena kuti, "Ndiye kuti mundawo mwaupha awiri." Adandilembera kalata ya chenjezo, yokhayo yomwe ndidalandira pa moyo wanga wonse wa ntchito, ndipo idandiyenera. ANangozo adapatsidwa mbewu ina ndi matumba a chimanga owafikitsa pokolola. A Soko adawatengera kwa madokotala a maso ku Tete, omwe adati si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi matenda a m'kati osabwezeka. Adawapumitsa ntchito nyengo ija isadakwane.

Mwana wawo adabwera kudzawatenga. Sabata yonse yomwe ankalongedza sitidakambe za nkhaniyo. Shefe sadanditchule dzina, koma wodziwa chinsinsicho adali mmodzi. Ndidawanyamulira sutikesi mpaka pokwerera shapa. Adandigwira dzanja mosalimba, nkhope ataloza pambali pang'ono, n'kunena kuti, "Wailesi ndakusiyirani. Ilibe mapilya." Shapa idanyamuka.

Nditabwerera ndidapeza chidutswa cha katoni pa sikelo, cholembedwa ndi inki yakuda yolembera matumba, zilembo zazikulu ngati za pa sitolo: WABA NDANI NTCHITO YANGA? Poyamba ndidaona funso lokha. Kenaka ndidati ayi, a Soko saika pepala pa sikelo lopanda munthu m'kati. Ndidayesa a Pansi onse, ndidayesa a Pamwamba onse, palibe adalowa. Nthawi yoweruka itayandikira ndidawerenga mokweza, pang'onopang'ono, monga mwa lamulo la khutu. Wa-ba nda-ni. Banda. Pa osewera onse aja padalibe Banda. Funso ndi yankho lake adaziika m'mawu amodzi. Ndidakhala pa thumba n'kulira, ine bambo wanu, alonda akuona. Zidandiwawa koopsa, ndipo chodabwitsa n'chakuti pakati pa kuwawako ndinkawasirira, chifukwa pa zaka zonse zija sadaponyepo mpira wokongola ngati umenewo.

Ulongwe, nditapuma ntchito

Ndidatsala ku Domwe zaka zina zitatu. Adabwera mlangizi wachinyamata wa maso akuthwa, wokonda mpira wa miyendo ndi foni yake. Ndidayesa tsiku lina kumusiyira kapepala pa sikelo, iye adakapinda n'kutsekera mpata wa zenera. Wailesi ndidaigulira mapilya, koma Chingerezi changa n'chopunduka, ndipo popanda womasulira ndinkangomva mzungu akudandaula ndi anthu akuwomba m'manja patali. Ndidaizima.

Dzinalo ndidali nditalipeza nthawi isadathe, choncho woponya adali ine. Koma ndiponye chiyani? Kulemba kalata wamba ya "pepani" kukadakhala kuthawa pa bwalo, ndiponso sindikadanena kuti ndidalakwa kuulula, chifukwa mpaka lero sindikuona kuti ndikadachita bwanji mwina. Ndinkafuna chiganizo choyankha funso lawo moona, chokhala ndi dzina lawo m'kati monga iwo adaikira langa. Ndidadetsa mapepala osawerengeka. Ndidapuma ntchito, ndidasamukira kuno ku Ulongwe, ndikusakabe. Yankho lidandipeza ku chipatala, nditapita kukayezetsa magalasi owerengera. Namwino wina wosaleza mtima adandikalipira kuti, "Tsegulani maso, kodi mukugona, agogo?" Ndidalumpha pa mpando mpaka mayiyo adadzidzimuka. Ma-so ko-di. Soko adali pomwepo, pakati pa maso ndi funso.

Ndidafika kunyumba n'kulemba ndi zilembo zanga zabwino koposa: "Akuberani ndi maso, kodi mwaiwala?" Ndidalisunga pepalalo mwezi wathunthu ndikuopa kuti ndi mawu ankhanza kwa munthu wakhungu. Koma iwo sadandiponyere mofewa, ndipo kuwaponyera mofewa kukadakhala kuwanyoza. Ndidapita ku Kalomwe, pa chipata cholowera ku Dedza, komwe malole ochokera ku Zimbabwe amaima pa mzere. Ndidafunsa dalaivala ndi dalaivala mpaka ndidapeza a Lemani, bambo wa ku Dedza amene amadutsa m'tauni ya mgodi ija ndipo amafika pa Kalomwe Lachisanu. Ndidawapatsa envelopu ndi dzina la mwana wa a Soko, n'kuwapempha kuti pepalalo likawerengedwe mokweza, a Lemaniwo ali pomwepo.

Patapita masabata asanu adandiitana ndi dzanja ndili chiimire pa mzere wa malole.

"Ndidawapeza, akulu. Ali moyo, koma saonanso ngakhale dzuwa. Adali atakhala pa mpando kuseri kwa nyumba."

"Adawawerengera?"

"Mwana wawo adawerenga, ndipo adakwiya, adati mawu otani amenewa kwa munthu wodwala. Koma mkuluyo adamuletsa. Adati werenganso, pang'onopang'ono. Atawerenganso, adati, 'Soko. Ndamupeza.' Adatenga pepala n'kuika m'thumba la malaya."

"Adaseka? Kapena adakwiya?"

"Sindingadziwe, akulu. Nkhope adali ataloza kwina."

"Sadakupatseni kanthu koti mundipatse?"

"Ndidafunsa. Adati mukamuuze kuti mpira wabwino suponyedwa mothamanga."

Papita mvula ziwiri kuchokera tsiku limenelo. Sindikudziwa ngati mawu amenewo adali chikhululukiro kapena njira yaulemu yonditsekera chitseko. Sindikudziwanso ngati akusakabe chiganizo, monga ndidasakira ine zaka zonse zija, kapena ngati mutu udatsatira maso, kapena ngati adapita kale ndipo palibe adaganiza zouza munthu wa ku Angonia. A Lemani adasinthidwa njira, m'tauni muja saimamonso nthawi zonse. Lachisanu lililonse ndimakwera shapa ya m'mawa kupita ku Kalomwe, ndimagula nthochi kuti anthu asadabwe chomwe ndadzera, n'kuima pafupi ndi osintha ndalama. Masiku ano a Lemani satsikanso. Akandiona amangotulutsa dzanja pa zenera, chikhatho chopanda kanthu, n'kupitirira kulowa ku Dedza.

M'thumba la jekete ndimayenda ndi ziganizo zinayi zatsopano, zabwino ndithu, chimodzi mwa izo ndi cha Nyirenda. Ndikadatha kuzitumiza Lachisanu lililonse. Koma nthawi yoponya ndi yawo, ndipo lamulo silindilola kuponya kawiri.